Mwendo Ukamakokana, Musathamangire Lezala ndi Jakisoni

Inu akwathu kuno ku Ntcheu, kuyambira ku Tsangano mpaka kutsikira ku Bwanje, lero ndilankhula mosapsatira mawu ndipo ndikudziwa kuti ena mundikwiyira. Palibe kanthu, wakutsina khutu ndi mnansi.

Nkhani yake ndi ya katumba, mnofu uja uli kuseri kwa msongolo, pakati pa bondo ndi chidendene. Ambiri mumadandaula kuti mnofu umenewu umakokana usiku mpaka kukudzutsani ndi mfuu. Ena mumati umangokhala wolimba gwa tsiku lonse. Ena mumati umayamba kupweteka mukangoyenda pang'ono. Ululu umenewu ndi weniweni, sindikuupeputsa ayi. Chimene ndikukana ine ndi zimene tikuuchita mwendowo. Tikuutema mphini. Tikukabayitsa jakisoni kuseri kwa golosale kwa munthu amene sanapondepo m'kalasi ya zachipatala. Tikumeza Indocid ndi Diclofenac ngati mtedza. Tikugula mabotolo odula pa WhatsApp akuti ndi otsuka mitsempha. Zonsezi tikuchita tisanafunse n'komwe kuti mwendowu ukukokana chifukwa chiyani.

Mfundo yanga ndi imodzi. Mwendo umene ukukokana mobwerezabwereza uyenera kupimidwa usanapatsidwe mankhwala a mtundu uliwonse. Zifukwa zambiri zoyambitsa vutoli n'zosaopsa ndipo zimatha popanda kulipira ngakhale tambala imodzi. Koma zilipo zingapo zimene zimadulitsa mwendo, ndipo chilipo china chimene chimapha munthu tsiku lomwelo. Lezala ndi jakisoni wakuseri sizingasiyanitse zimenezi.

CHIFUKWA CHAKE ALIYENSE AMAONEKA NGATI WAKUCHIZANI

Mvetsani bwino apa chifukwa ndi pamene anthu amatidyera ndalama. Kukokana kwa mnofu kumatha kokha. Kumatenga masekondi angapo kapena mphindi zochepa, kawirikawiri kosapitirira mphindi 10, kenako mnofu umamasuka ngakhale musauchite chilichonse. Ndiye amene wagwira mwendo wanu pa nthawi imeneyo ndi amene amatenga ulemu. Akapaka mafuta, timati mafuta ndi amphamvu. Akatema mphini, timati sing'angayu ndi katswiri. Chonsecho mwendo ukanamasuka ndithu.

Njira yodziwira ngati mwachira ndi kuwerenga masiku. Kodi sabata yamawa kubweranso kangati? Tayang'anani miyendo ya agogo athu ambiri. Mphini zandandalika kuyambira pa kakolo mpaka pa bondo, zina zakale zina zatsopano. Mphini zikanakhala kuti zimachiza, mzere umodzi ukanakwana.

CHIMACHITIKA N'CHIYANI M'KATI MWA KATUMBA

Mnofu umagwira ntchito polandira uthenga kuchokera ku timitsempha tochokera kumsana. Uthenga ukafika mnofu umafupika, ukasiya umamasuka. Kukokana kumachitika timitsempha timeneti tikayamba kutumiza uthenga motsatizana inu musanafune, mnofu n'kufupika mwamphamvu osamasukanso. Kuti zonse ziyende bwino mnofu umafuna magazi ofika mokwanira, madzi ndi michere ya m'thupi monga potaziyamu, kashiamu ndi magineziyamu, mitsempha ya uthenga yopanda vuto, komanso kupuma. Chimodzi mwa zimenezi chikasokonekera, katumba ndi amene amayamba kulira.

Usiku zimachuluka chifukwa munthu akagona phazi limaweramira kutsogolo ndipo katumba amakhala wafupika kale. Inu a ku Tsangano ndi ku Lizulu, mu June ndi July mumafunda mabulangete awiri atatu olemera, ndipo kulemera kwakeko kumakankhira zala pansi usiku wonse. Palibe mfiti imene yabwera pamenepa.

ZIFUKWA ZA TSIKU NDI TSIKU

Choyamba ndi kutopa kwa mnofu. Munthu wagalauza mizere ya mbatatesi pamtunda tsiku lonse, wasenza thumba la kabichi kutsika nalo phiri, wapalasa kabaza wanjinga kuyambira m'mamawa, kapena wavina ngoma pa Umhlangano atakhala chaka chonse osavina. Usiku katumba abweza ndithu. Amayi ogulitsa tomato ndi anyezi m'mbali mwa msewu wa M1 pa Lizulu ndi pa Kampepuza amaima maola ambiri malo amodzi, enanso amakhala pa mpando wa telala kapena mu ofesi osadzuka. Kuima kwambiri ndi kukhala kwambiri zonse zimalimbitsa katumba.

Chachiwiri ndi kutaya madzi ndi mchere. Ku chigwa cha Bwanje, ku Sharpevale ndi ku Kasinje, dzuwa la October ndi November limatulutsa thukuta lambiri, koma munthu amapita kumunda ndi kabotolo kamodzi ka madzi. Kutsegula m'mimba ndi kusanza kumatayitsanso madzi ndi michere mofulumira. Kumbukirani mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Chimodzi mwa zizindikiro za kolera ndi kukokana kwa miyendo. Munthu amene akutsegula m'mimba mwamadzimadzi miyendo n'kumakokana akufunika Thanzi ORS ndi kuthamangira naye kuchipatala, osati kumuthowa.

Chachitatu ndi pakati. Amayi oyembekezera ambiri amakokana miyendo usiku, makamaka miyezi itatu yomaliza. Nthawi zambiri sizoopsa, koma nenani ku sikelo kuti anamwino aone ngati mwendo sunatupe komanso ayeze magazi ndi BP.

Chachinayi ndi ukalamba. Minofu imachepa, mitsempha imafupika, ndipo kwa achikulire ambiri ngakhale titayeza chilichonse sitipeza matenda. Imeneyi ndi nkhani yabwino. Mankhwala ake ndi kuwongola mwendo, monga ndifotokozere kumapetoku.

PAMENE KATUMBA AKUNENA ZA MATENDA ENA

Apa ndiye pamene mphini zimatichedwetsa. Mu 2009 Unduna wa Zaumoyo mothandizana ndi bungwe la WHO unachita kafukufuku m'dziko muno ndipo unapeza kuti mwa anthu atatu aliwonse a zaka 25 mpaka 64, mmodzi anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. Oposa asanu mwa anthu 100 aliwonse anali ndi shuga. Matenda awiriwa amafika ku miyendo.

Shuga amawononga mitsempha ya uthenga kuyambira ku zala za kumapazi kukwera m'mwamba. Munthu amamva dzanzi, kubayabaya, mapazi kutentha ngati waponda makala, ndipo akatumba amakokana usiku. Ngati pamwamba pa zimenezi mukumva ludzu kwambiri, mukukodza pafupipafupi ndiponso mukuonda, kayezetseni shuga sabata ino.

Mitsempha yopititsa magazi kumiyendo imathanso kuchepa njira chifukwa cha fodya, shuga, BP ndi mafuta m'magazi. Chizindikiro chake n'chosavuta kuzindikira. Mukayenda mtunda womwewo, tinene kuchokera kunyumba kufika pa mjigo, katumba amagwira mwamphamvu. Mukaima mphindi zingapo amasiya. Mukayambanso kuyenda amagwiranso, makamaka pokwera chitunda. Phazi limazizira, tsitsi la pamsongolo limathothoka, chilonda chikabwera sichipola. Mwendo wotere ukuperewera magazi kale. Kuutema ndi lezala kuli ngati kuuyambitsira chilonda chimene chingathere ku fiyeta.

Mankhwala ena amene mukumwa moyenera amathanso kuyambitsa kukokana. HCTZ wa BP ndi Lasix wochotsa madzi m'thupi amatayitsa potaziyamu mumkodzo. Salbutamol wa mphumu ndi mankhwala ochepetsa mafuta m'magazi amachitanso zimenezi kwa ena. Isoniazid, amene ali m'mankhwala a TB, amatha kukhudza mitsempha ya kumapazi, n'chifukwa chake amaperekedwa pamodzi ndi vitamini B6. Amene munayamba ma ARV kalekale muja munali stavudine mukukumbukira kutentha kwa mapazi, ndipo ena kunawatsalira ngakhale mankhwalawo anasinthidwa. Musasiye mankhwala anu panokha. Pitani nawo kwa adokotala, pali njira yosinthira kapena kuwonjezera china.

Mowa nawonso ndisausiye. Kachasu wa tsiku ndi tsiku, munthu asakudya mokwanira, amawononga mitsempha ya kumiyendo ndi kutsitsa magineziyamu m'thupi. Abambo ambiri amene amati anawatchera pa njira ya kumunda, chowatchera chili m'botolo. Palinso matenda a impso, kuchepa kwa magazi, mitsempha yotupa yooneka ngati zingwe, ndi msana umene wapanikiza mtsempha, ululu n'kumatsika kuchokera m'chiuno kudutsa kuseri kwa ntchafu mpaka pa katumba.

CHIMENE CHIMAPHA

Ngati muiwale zonse zimene ndalemba, ichi chokha chisungeni. Magazi amatha kuundana m'mtsempha wam'kati mwa katumba. Achipatala timati DVT. Mwendo umodzi wokha umatupa, umatentha ukaukhudza, umapweteka mosalekeza, khungu limawala kapena kuderapo kusiyana ndi mwendo winawo. Ululu wake sutha pa mphindi 10 ngati kukokana wamba. Umakhalapo usana ndi usiku.

Amene ali pachiopsezo ndi mayi woyembekezera, mayi amene wangochira kumene makamaka masabata 6 oyambirira, amene wachitidwa opareshoni, amene wagona pa mphasa masiku ambiri chifukwa chodwala, amene ali ndi chikhakha kumwendo, wodwala khansa, TB kapena HIV, ndi amayi ena amene akumwa mapiritsi olera a mphamvu ziwiri. Enanso ndi achimwene ndi achemwali athu obwera pa basi kuchokera ku Joni, amene amakhala atapinda miyendo kuyambira ku Johannesburg, kudutsa Beitbridge ndi Tete, katundu ali pamapazi.

Magazi oundanawo akaphotchoka amayenda ndi mtsempha mpaka kukatseka m'mapapo. Munthu amayamba befu mwadzidzidzi, chifuwa kubaya, mtima kuthamanga, mwina kutsokomola magazi, ndipo akhoza kugwa n'kumwalira. Tsono taganizani zimene timachita kumudzi mayi wa khanda akati mwendo ukupweteka. Timawiritsa madzi, timamuthowa, timaukanda mwendowo mwamphamvu kuti mitsempha iwongoke. Timachita mwachikondi, koma pa mwendo wotere kukandako n'koopsa. Akamwalira timati zachitika modabwitsa, tiyeni tikaombeze.

Muli ndi tepi ya telala? Yezani kukula kwa akatumba onse awiri pamalo ofanana, masentimita 10 kutsika kuchokera pa kafupa kotukuka kali m'munsi mwa bondo. Wina akaposa mnzake ndi masentimita opitirira 3, musadikire kuti kuche kawiri. Ngakhale tepi palibe, mwendo umodzi wotupa ndi wopweteka ndi wa kuchipatala tsiku lomwelo. Alipo mankhwala oletsa magazi kuundana ndipo anthu amachira akafika msanga.

TSOPANO TIYENI TIKAMBE ZA "MANKHWALA" ATHU AJA

Mphini. Lezala imodzi ikadutsa pa anthu awiri atatu imatha kupatsirana HIV ndi matenda a chiwindi a Hepatitis B. Phulusa ndi mizu yosinja zimene amapaka pa bala zimatha kulowetsa kafumbata. Kwa wodwala shuga, kabala kakang'ono kamasanduka chilonda cha miyezi. Ndipo palibe magazi oipa amene amatuluka pamenepo. Magazi akuda amene mumaona ndi magazi wamba a m'mitsempha yobwerera ku mtima, aliyense ali nawo.

Choipa china cha mphini chimabwera ndi mawu aja akuti "munaponda mankhwala." Mawu amenewa safera m'nyumba ya sing'anga. Amakagwera munthu, ndipo kawirikawiri amagwera agogo osauka amene mukulimbirana nawo malire a munda. Mabanja adana, nkhalamba zathamangitsidwa m'midzi, pamene wodwalayo shuga wake akungokwera. Dziwaninso kuti lamulo la dziko lino, lochokera mu 1911, limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti.

Jakisoni wakuseri. Ambiri timakhulupirira kuti jakisoni amaposa piritsi. Pa kukokana kwa katumba jakisoni alibe ntchito, chifukwa pofika pomubaya munthu ululu umakhala utatha kale. Kuthako kumadutsa mtsempha waukulu wopita kumwendo wonse. Wobaya wosaphunzira akaulasa, phazi limalobodoka n'kumangokwekwereza pansi, nthawi zina moyo wonse. Singano yosatetezeka imabweretsa chithupsa cham'kati chofunika kung'amba. Amene akukubayaniyo mufunseni chiphaso chake cha Medical Council of Malawi kapena cha Nurses and Midwives Council of Malawi. Akakwiya, mwadziwa kale yankho.

Mapiritsi a m'golosale. Diclofenac, Indocid ndi Brufen amachepetsa ululu ndi kutupa, koma saletsa mnofu kukokana. Kuwamwa tsiku ndi tsiku kwa miyezi kumabweretsa zilonda za m'mimba, kumakweza BP ndiponso kumawononga impso. Choopsa kwambiri ndi kuwaphatikiza ndi mankhwala a BP monga HCTZ ndi Enalapril munthu ali ndi madzi ochepa m'thupi. Impso zikafooka miyendo imakokana kuposa kale, munthu n'kuwonjezera mapiritsi omwe akumuwonongawo. Mayi woyembekezera asamwe mankhwala amenewa popanda uphungu wa kuchipatala.

Kwinini. Alipo amene amati kwinini ndiye mankhwala a miyendo. N'zoona kuti kale ankaperekedwa pa vutoli m'maiko ena, koma mu 2010 bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linachenjeza kuti asagwiritsidwe ntchito pa kukokana kwa miyendo, chifukwa amatha kuyambitsa kutaya magazi koopsa ndi kusokoneza kagundidwe ka mtima. Kwinini ndi wa malungo, tisamuseweretse.

Mabotolo a pa WhatsApp. Ogulitsa amalankhula bwino, zithunzi zake n'zokongola, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mitsempha si paipi ya madzi yoti n'kutsukidwa ndi tiyi. Ngakhale magineziyamu amene amatchuka kwambiri, akatswiri a bungwe la Cochrane ataunika kafukufuku wosiyanasiyana mu 2020 anapeza kuti n'zokayikitsa kuti amathandiza achikulire okokana miyendo usiku. Kwa amayi oyembekezera WHO imalola kuyesa magineziyamu kapena kashiamu, koma zimenezo akuuzeni ku sikelo, osati wogulitsa amene akufuna komishoni. Mankhwala gulani ku famase yovomerezeka ndi bungwe la PMRA.

"KOMA ANESI, KUCHIPATALA N'KUTALI"

Ndikudziwa zimene mukunena mumtima. "Anesi, inu mukulankhula muli pa boma. Ife kuti tifike kuchipatala ndi ndalama ya njinga yamoto kupita ndi kubwera. Tikafika mzere ndi wautali, mankhwala akuti kulibe, atipatsa Panado n'kutiuza kuti tizipita. Sing'anga ali pafupi, amatilandira bwino, amatimvetsera."

Dandaulo limeneli ndi loona ndipo sindikulitsutsa. Koma taonani chimene mukupitira kuchipatala pa vuto ili. Chachikulu ndi kupimidwa. Makina a BP, kadontho ka magazi pa chala koyezera shuga, dzanja la adokotala lofufuza kugunda kwa magazi pa phazi, tepi yoyezera kutupa. Zinthu zimenezi zimatenga mphindi zochepa, pachipatala cha boma n'zaulere, ndipo ndi zimene zimasiyanitsa mwendo wotopa ndi mwendo umene uli pangozi. Sing'anga ngakhale akhale wa mtima wabwino bwanji alibe njira yodziwira kuti shuga wanu ali pati.

Werengeraninso ndalama. Nkhuku zimene zapita kwa sing'anga, majakisoni asanu akuseri, mapiritsi a miyezi itatu, botolo la pa WhatsApp. Phatikizani zonse muone ngati sizikuposa ulendo umodzi wa pa chipatala chaching'ono cha kwanu, kapena wa pachipatala chachikulu pa boma. Ndipo mwendo ukadulidwa, munda wa mbatatesi uja adzalima ndani?

Ena mumati muchita zonse ziwiri, kuchipatala ndi kwa sing'anga nthawi imodzi. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Kupemphera pempherani, palibe akukuletsani. Koma musasiye mankhwala a shuga kapena a BP chifukwa wina wakuuzani kuti mwachira, ndipo musalole lezala pa mwendo umene sunapimidwe.

Nanunso anzanga achipatala, mawu awa akukhudzeni. Munthu wayenda makilomita ambiri kudzanena kuti miyendo ikukokana. Kumulembera Panado osamuvula nsapato, osamuyeza BP, osamufunsa mankhwala amene akumwa, ndi kumutumiza kwa wobaya wakuseri uja. Anthu amapita kumene akumveredwa. Mphindi zitatu zogwira mwendo zimapulumutsa mwendo.

MUKAPITA, KANENENI IZI

Kungoti "miyendo ikupweteka" sikuthandiza adokotala mokwanira. Konzekerani kuyankha izi:

1. Ndi mwendo umodzi kapena yonse iwiri?
2. Zimachitika mukagona, mukamayenda, kapena nthawi zonse?
3. Zimatenga nthawi yaitali bwanji, ndipo kangati pa sabata?
4. Pali dzanzi, kutentha kwa mapazi, kutupa, kapena chilonda chosapola?
5. Mukumwa mankhwala ati, kuphatikizapo ogula nokha ndi azitsamba?
6. Mumasuta, mumamwa mowa, muli ndi pakati, kapena mwayenda ulendo wautali posachedwa?

Tengani buku lanu la kuchipatala ndi mapaketi a mankhwala onse. Pemphani mwaulemu kuti akuyezeni BP ndi shuga. Zoyezera zikakhala kuti zatha tsiku limenelo, funsani tsiku loti mubwerenso kapena kumene mungakayezetse.

PITANI LERO LOMWE NGATI

Mwendo umodzi watupa, ukutentha ndipo ukupweteka.
Mwendo ukupweteka ndipo mwayamba befu kapena chifuwa kubaya.
Phazi lazizira mwadzidzidzi, lasintha mtundu, kapena simukulimva.
Thupi latentha ndipo m'kati mwa mnofu muli chotupa cholimba, chifukwa mwina ndi mafinya.
Mukutsegula m'mimba kapena kusanza kwambiri miyendo n'kumakokana.
Munamva ngati wina wakugendani mwala pa katumba mukusewera mpira kapena ntchembere mbaye, ndipo simukutha kuimirira ndi zala. Mnofu kapena mtsempha wa pachidendene umatha kuduka chonchi.
Mwendo ukufooka, kapena mkodzo wada ngati tiyi wopanda mkaka pambuyo pa ntchito yakalavulagaga.

Ngati palibe chimodzi mwa izi, koma kukokana kukubwera kangapo pa sabata kwa mwezi wathunthu, kapena kukukulepheretsani kugona, pitanibe mukapimidwe.

ZIMENE MUNGACHITE PAKHOMO

Kukokana kukayamba, wongolani bondo ndipo kokerani zala za kuphazi cha kwa inu. Ngati dzanja silikufika, kolekani chitenje kapena lamba pa phazi n'kukoka. Mukhozanso kudzuka n'kuponda pansi ndi phazi lonse, kapena kuyenda ndi zidendene pang'ono. Mnofu ukamasuka, sisitani mofatsa ndi kuikapo nsalu yofunda, pokhapokha ngati mwendo sunatupe. Odwala shuga yesani kutentha kwa madzi ndi chigongono, ndipo musaike mapazi pafupi ndi mbaula, chifukwa phazi la dzanzi limapsa mwini wake osamva.

Usiku uliwonse musanagone, imani moyang'ana khoma n'kutsamiza manja. Bwezani mwendo umodzi m'mbuyo, chidendene chikhale pansi, bondo lowongoka. Weramirani ku khoma mpaka mumve katumba akukoka, werengani mpaka 30, kenako sinthani mwendo. Chitani katatu mwendo uliwonse. Ku Netherlands mu 2012 anachita kafukufuku pa anthu 80 a zaka zopitirira 55, ndipo amene ankawongola miyendo asanagone kwa masabata 6 kukokana kunachepa, ululu wakenso unachepa. Chofunika ndi kusadumphitsa masiku. Agogo agwirizeni kuti asagwe.

Masulani bulangete kumapazi kuti lisakanikize zala. Popita kumunda tengani madzi okwanira, thobwa lilinso bwino. Mkodzo ukakhala wachikasu kwambiri ndiye kuti madzi akuchepa. Mukatsegula m'mimba sungunulani paketi imodzi ya Thanzi ORS mu lita imodzi ya madzi aukhondo. Koma inu a BP musayambe kunyambita mchere poti miyendo ikukokana, ndipo odwala impso kapena mtima tsatani muyezo wa madzi ndi zakudya umene adokotala anakuuzani.

Michere imene ikugulitsidwa m'mabotolo ija ili kale m'minda mwathu. Nthochi, mbatatesi, mbatata, nyemba ndi mapeyala zili ndi potaziyamu. Nsinjiro, nyemba, bonongwe ndi nkhwani zili ndi magineziyamu. Usipa ndi matemba odya ndi minga yomwe ali ndi kashiamu. Boma lathu lino limadyetsa Blantyre ndi Lilongwe ndiwo zamasamba. Tisagulitse zonse pa msewu ife n'kumadya nsima ndi mchere.

Oima tsiku lonse pamsika, muzinyamuka ndi zala n'kutsika kakhumi pa ola lililonse, ndipo madzulo ikani miyendo pamwamba pa pilo. Okhala pa mpando, dzukani muyendeko. Okwera basi ya ku Joni, gwedezani mapazi muli pampando, imwani madzi, ndipo tsikani muyende paliponse pamene basi yaima. Osuta, mwendo wanu ukupempha kuti musiye. Katumba akakhala wolimba miyezi osasintha, pemphani akutumizeni kwa a mafizo.

Achinyamata amene muli ndi mafoni, amene akuvutika kwambiri ndi vutoli ndi makolo athu amene sali pa Facebook. Awerengereni uthengawu madzulo ano. Avuleni nsapato, yang'anani miyendo yonse iwiri, afunseni kuti anayezetsa liti BP ndi shuga. Akati mawa akupita kukatemera, auzeni kuti muyambe mwadzera kuchipatala, ndipo muwaperekeze.